Bokosi Lotuwa la a Maloko

Anthu ena timawakumbukira ndi kuseka kwawo, ena ndi ukali, koma a Maloko a pachipatala chathu cha maso timawakumbukira ndi chinthu chimodzi chokha: bambo amene uja ankakiya chilichonse. Kabati ankakiya. Chitini cha shuga ankakiya. Mpando wawo anaumangirira kumwendo wa tebulo ndi unyolo wa njinga, ngati mbuzi yothawathawa. M'chiuno mwawo munkalendewera makiyi 47, ndipo asanatulukire pakhonde munkayamba mwamva ngwere ngwere ngwere, kenaka dazi, kenaka munthu.

Anayamba ntchito yoyang'anira makompyuta Lolemba, pa 2 Febuluwale 1998. Pofika Lachitatu anali atagula kale loko woyamba, ndipo Lachisanu dzina lawo lenileni linali litaiwalika.

Za ketulo mwina munamvako. Linali Lachinayi, pa 17 Sepitembala 2009, pamene a Maloko anapeza kuti wina waphikira mazira m'ketulo ya tiyi. Sanakalipe. Anangopita kwa owotcherera zitsulo, nabwera ketulo ili ndi kaloko pachivundikiro. Masana omwewo kunabwera alendo aulemu, ndipo dokotala wamkulu anaitanitsa tiyi.

"Ketulo yatani?" anafunsa dokotala wamkulu.

"Yakiyidwa, bwana."

"Ndani amakiya ketulo?"

"Amene anamwapo tiyi wonunkha mazira, bwana," anayankha a Maloko ali pakhomo. "Ndikutsegulirani, koma wothira madzi ayambe wandionetsa m'matumba."

Alendo aulemu aja anamwa tiyi wawo ataonerera namwino wamkulu akupisidwa m'matumba.

Koma yomwe tinkaisimba chaka ndi chaka ndi ya Lachiwiri, pa 11 Novembala 2014. Cha m'ma 10 koloko m'mawa a Maloko analowa m'chipinda cha makina, chitseko n'kudzitsekera chokha, chogwirira cha m'kati n'kuwatsalira m'manja. Loko wake ankatsegulidwira kunja kokha, ndipo kiyi anali m'chiuno mwawo, m'katimo.

"Tiponyereni kiyiyo pansi pa chitseko," anatero mayi wa pawindo, amene amalandira odwala.

"Kiyi ameneyu saperekedwa munthu asanasaine m'buku."

"Bukulo lili kuti?"

"M'dilowa yanga."

"Dilowayo ndi yokiya!"

"Ndiye ntchito yake."

"Tipatseni kiyi wa dilowayo."

"Mwasaina?"

Mlonda atabwera ndi chitsulo kuti athyole, mawu anamveka m'katimo ngati a mayi amene akulanditsa mwana: "Musayerekeze! Loko ameneyo sanalakwe kanthu!" Anakhalamo maola atatu ndi mphindi khumi, kufikira mayi wa pawindo analowetsa pepala losaina pansi pa chitseko. Analibweza kamodzi, ati panalibe deti.

Musaganize kuti anali munthu wouma mtima. Ankangokhulupirira kuti pansi pano pali zinthu zoyenera kuonedwa ndi maso, osati kugwidwa ndi manja. Ndipo loko amene ankamunyadira kuposa onse sanali wachitsulo.

Pachipatala chathu, madokotala ochotsa ng'ala amabwera kamodzi pachaka, mwezi wa Juni, ndipo amathandiza anthu makumi anayi okha. Odikira amaposa mazana atatu. Lamulo ndi limodzi: amene analembetsa poyamba ndiye amayamba. Mu 2011 a Maloko anapanga pulogalamu ya pakompyuta yosunga mzere umenewu. Munthu aliyense ali ndi fomu yake, ndipo pafomupo pali mabokosi oyera olembamo dzina, nambala ya foni ndi ndemanga. Koma bokosi la tsiku lolembetsa analipanga lotuwa. Unkatha kuliwerenga, koma ukayesa kulembamo, kompyuta inkangokuyang'ana.

Tsiku lina dokotala wamkulu mwiniwake anawakokera pambali, nanong'oneza za malume a akazi awo amene anali kumchira kwa mzere.

"Bwana," anatero a Maloko mokweza kuti khonde lonse limve, "bokosi limenelo ndi lowerenga, si lolembamo. Ngakhale ine bambo wake silindimvera. Malumewo apatseni moni."

Lolemba, pa 9 Januwale 2023, kunabwera wodzawalowa m'malo, popeza iwo ankayenera kupuma ntchito kumapeto kwa Juni. Anali mayi wa ana awiri, wophunzira bwino, wa manja othamanga, amene chiganizo chake chilichonse chinkayamba ndi mawu akuti "masiku ano". Mlungu usanathe tinamutcha Nazatsopano. Anamulemba moyesa kaye kwa miyezi isanu ndi umodzi, ndipo ntchitoyo anali ataifunafuna zaka ziwiri.

Tonse tinkadikira nkhondo, koma nkhondo sinabwere. Tsiku lachitatu a Maloko anatulutsa kiyi, natsegula chitini cha shuga, nati, "Mwanawe, masupuni angati?" Mayi wa pawindo, amene kwa zaka makumi awiri ankabwera ndi shuga wakewake m'kapepala, anatsala pang'ono kukomoka.

Nazatsopano anaona msanga kuti pulogalamu ya mzere inamangidwa pamaziko akale kwambiri. Maziko amenewa akatswiri amawatcha fulemuweki, ndipo eni ake anali atasiya kalekale kumata mabowo ake. Anati asamutsire pulogalamuyo pamaziko atsopano. A Maloko anavomera, chifukwa mawu akuti bowo ankawasowetsa tulo. Anangopempha chimodzi: "Tsiku lomaliza ndikhalepo."

Tsiku lomalizalo linali Lachiwiri, pa 14 Malichi, ndipo a Maloko anali kozulitsa dzino.

Zonse zinali zitayenda bwino kupatula kachidutswa kamodzi ka mizere isanu ndi iwiri, kamene maziko atsopano ankakana kukalandira. Nthawi iliyonse Nazatsopano akayesa, kompyuta inkalavula mawu ofiira. Pamwamba pa kachidutswako panali mawu a mwini wake: MUSACHOTSE. NDIKUDZIWA KUTI MUKUFUNA. MUSACHOTSE.

Nazatsopano anaseka. Uyu ndi munthu wokiya ketulo, anaganiza choncho. Tsabola wakale sawawa. Anakafufuta kachidutswa kaja, mawu ofiira n'kuzimiririka. Anatsegula fomu imodzi, naona bokosi la tsiku lili lotuwa bwinobwino. Anayesa kulembamo, linakana. Anapukuta m'manja, napita kukamwa tiyi.

Chimene sanachiganizire ndi ichi. Munthu akadina batani la Sunga, mabokosi oyera onse amanyamuka kupita kumakina osunga zinthu, koma bokosi lotuwa limatsala, silitumizidwa. Kachidutswa ka a Maloko kankaima pakhomo la makinawo n'kumati, "Tsiku likapanda kubwera, lisiyeni lomwe lilipo." Mlonda ameneyu atachotsedwa, maziko atsopano, mwa ulemu wawo wonse, akaona kuti tsiku silinabwere ankangolembapo la lero. Kunja loko anali khatcha, koma kuseri khoma kunalibe.

Ndiye taonani tsoka lake. Munthu wongokhala kunyumba phee, fomu yake sinkatsegulidwa, ndipo malo ake sankasuntha. Koma wovutikitsitsa, wobwera kudzafunsa, mayi wa pawindo ankatsegula fomu yake, n'kulemba kuti "anabwera kudzafunsa", n'kudina Sunga. Pomwepo munthuyo ankasanduka wolembetsa lero, n'kupita kumchira.

Panalibe wofunsa pafupipafupi kuposa a telala. Anali bambo wamfupi, wanthabwala, amene ng'ala inawatseka maso onse awiri mpaka makina awo osokera anachita dzimbiri. Ankabwera Lachitatu lililonse atagwira phewa la akazi awo. Pa 15 Malichi anauzidwa kuti ali nambala 12. Pa 22 Malichi anauzidwa kuti ali nambala 304.

"Mayi, mwati bwanji?"

"304, bambo."

"Wakhungu ndine kapena ndinu?"

"Ndi zimene kompyuta ikunena."

Mlungu wotsatira anali 309. "Mzere wanuwu ukuyenda chobwerera ngati nkhanu yoledzera," anatero a telala. "Ndikapitiriza kubwera, mundipeza ndili kunja kwa geti." Anthu a pabenchi anaseka. Akazi awo okha ndiwo sanaseke.

Lachitatu, pa 19 Epulo, a Maloko ankadutsa pakhonde, ndipo a telala anamva makiyi.

"Achimwene a makiyi! Thumba lija likadali lolimba?"

Tsiku limene a telala analembetsa, makiyi anali atang'amba thumba la a Maloko, ndipo a telala analisoka pabenchi pomwepo mongopapasa. A Maloko sankaiwala tsiku limene thumba lawo linang'ambika: Lolemba, pa 8 Ogasiti 2022. Atamva za nambala 309 yomwe tsopano inali 317, anasuzumira pakompyuta ya pawindo. M'bokosi lotuwa munali deti la mlungu wathawo. Ngwere ngwere uja anapita kuchipinda cha makina mothamanga, chinthu chimene sitinachionepo.

M'mawa mwake, pa 20 Epulo, dokotala wamkulu anaitanitsa msonkhano. Nazatsopano anakhala pakona. Anali atadziwa kale, chifukwa dzulo lake anatsegula pulogalamuyo naona malo amene panali mizere isanu ndi iwiri ija. Mafomu osokonekera anali 212. Makope akale a mzere, amene makina ankasunga padera, ankafufutika okha pakatha masiku makumi atatu, ndipo anali atadutsa masiku 37.

"Chachitika n'chiyani?" anafunsa dokotala wamkulu. "Mayi, inu ndinu katswiri."

Pakamwa pa Nazatsopano panatseguka pokha. "Mwina, bwana, madeti a m'pulogalamu yakale anali osokonekera kale. Maziko atsopano angowaonetsa poyera."

Mawuwo anawamva akutuluka ngati akuyankhula ndi munthu wina. Mtima wa dokotala wamkulu unakhala pansi, chifukwa yankho limeneli linali losavuta kulinyamula.

"Ayi, bwana," anatero a Maloko. "Loko wachotsedwa."

Chipinda chonse chinaphulika ndi kuseka. Mawu amenewa tinali titawamva pa ketulo, pa shuga, pa mpando, ngakhale pa chimbudzi cha alendo.

"Wachotsa ndani?"

A Maloko sanayang'ane pakona. Anayang'ana kudenga. "Pakamwa pangapa palinso loko, bwana. Kiyi wake ali ndi mwini wake."

"Bambo, si nthawi ya miyambi ino."

"Ndili ndi mapepala. Lachisanu lililonse ndimasindikiza mzere wonse n'kuukiyira m'kabati."

"Mapepala otuluka m'pulogalamu yolakwika ndi olakwikanso. Titsatira zimene zili pakompyuta tsopano. Inu mwatopa, mwatsala ndi miyezi iwiri. Perekani pasiwedi yanu kwa mayiwa, muziyang'anira mapulinta."

Munthu amene anakiya chipatala chonse kwa zaka 25 anakiyiridwa kunja kwa pulogalamu yake. Analemba pasiwediyo pakapepala, nakapinda kanayi, nakapereka kwa Nazatsopano ndi manja awiri.

Masana omwewo Nazatsopano anakonza cholakwikacho mwakachetechete. Inali mizere itatu yokha, youza maziko atsopano kuti tsiku lolembetsa lisalandiridwe kuchokera pafomu, ndipo lisasinthidwe. Khoma linabwerera. Koma anthu 212 aja anatsala kumchira, ndipo sakanabwezedwa pokhapokha wina atanena kuti madeti akale anali abwino, kuti anaonongeka pa 14 Malichi, ndi dzanja la uje.

Ali chikhalire, anamva ngwere ngwere kumbuyo kwake. Kapu ya tiyi inatera patebulo.

"Masupuni awiri, monga mwa masiku onse."

"Bambo, ine..."

"Ndaona mizere itatu ija ndili chiimire panopa. Ndi yaukhondo kuposa yanga isanu ndi iwiri. Uli ndi dzanja labwino, mwanawe."

"Bwanji simunanditchule?"

"Pulogalamu imalemba dzina la aliyense wochotsa kanthu, ndiye dzina ndaliwerenga. Koma kuvomera kulakwa ndi bokosi lotuwa. Ine ndingawerenge, kulembamo ayi. Ndikakutchula ine, akuchotsa ntchito ngati wabodza. Ukadzitchula wekha, mwina akusiya ngati munthu." Anamwako tiyi wawo. "Koma mndandanda wa anthu makumi anayi utsekedwa Lachisanu, pa 9 Juni. Likafika tsikulo usanatsegule, ndithyola ndekha. Ndipo ukudziwa mmene ndimadanira ndi kuthyola loko."

"Ndinena mawa, bambo."

Mawa lake dokotala wamkulu anali ndi chimfine, ndipo munthu wa chimfine sauzidwa zoipa. Mlungu wotsatira mwana wa Nazatsopano ankalemba mayeso. Pa 5 Meyi anafika mpaka pakhomo la ofesi, nagogoda, ndipo atamva kuti "Lowani" anafunsa ngati pulinta ili ndi inki. Pa 17 Meyi analemba kalata yabwino ya masamba awiri, naiwerenga kanayi, naibisa pansi pa kiyibodi. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

M'mawa uliwonse makiyi ankaima patebulo pake. "Kwatsala masiku 30, mwanawe. Shuga?" Kenaka, "Kwatsala 18. Shuga?" Sanakwezepo mawu ngakhale tsiku limodzi, ndipo chimenecho ndicho chinkamupweteka. Akanamutukwana, bwenzi atapeza pogwira. Anthu pakhonde ankawaseka a Maloko kuti "Loko wachotsedwa, bwana!" iwo n'kumaseka nawo, atanyamula mapepala a pulinta. Lachitatu lililonse Nazatsopano ankapeza chifukwa chokhalira m'chipinda cha makina, koma mawu a a telala ankaboola chitseko: "Lero ndili nambala zingati, mayi? Nenani pang'onopang'ono, ndakhala pansi."

Lachinayi, pa 1 Juni, a Maloko anati, "Kwatsala asanu ndi atatu." Lachisanu, pa 2 Juni, 8 koloko inakwana pakhonde pali zii. Cha m'ma 9 foni inalira pawindo. A Maloko anali atakiya geti la kunyumba kwawo, naligwedeza kawiri monga ankachitira, nakhala pamwala wa pambali pake kuti apume pang'ono. Sanadzukenso.

Mayi wa pawindo analira mokweza. Mlonda anavula chipewa. Koma kwa kamphindi kamodzi, kochepa ngati kuphethira, mumtima mwa Nazatsopano munadutsa mawu akuti: tsopano palibenso wodziwa. Anathamangira kubafa nakasanza. Pa zonse zimene anachita, kamphindi kameneko ndiko sanadzikhululukire.

Lachiwiri, pa 6 Juni, akazi a a Maloko anafika ndi chikwama cholemera. Anali mayi wamkulu thupi, wa maso otupa, koma pakamwa pawo panali pakadali moto.

"Nazatsopano ndi uti? Ndiwe? Khala pansi, mwana wanga. Zaka 38 ndakhala ndi bambo amene uja, wailesi yanga yomwe ndimachita kupempha kiyi. Dzulo tatsegula bokosi lina la pansi pa bedi, la maloko atatu. Ana amati muli chuma. Mukudziwa munali chiyani? Maloko ena!"

Onse anaseka misozi ili m'masaya.

"Ndiye anali ndi pepala lake lakuti 'Ndikagwa m'dzenje, makiyi apite kwa awa.' Ankalilembanso pa 1 mwezi uliwonse, chiyambire 1998. Ine ndinkati, bambo, dzenje lake liti? La mwezi uno analemba Lachinayi lapitali." Anatulutsa mulu wa makiyi nauika patebulo, ngwere. "Akuti makiyi a kuntchito onse apite kwa iwe. Ndipo akuti uyambire nambala 31."

Kiyi nambala 31 anali wa kabati yachitsulo ya m'chipinda cha makina. M'katimo munali mitolo ya mapepala yomangidwa ndi ulusi, Lachisanu lililonse kuyambira 2011. Pamwamba penipeni panali mtolo wa pa 10 Malichi 2023, womaliza loko asanachotsedwe. Maina 212 anali atalembedwa kale mzere wofiira kunsi kwake, ndi rula. Dzina la a telala linali la nambala 12, ndipo pambali pake panali mawu a pensulo akuti "wa thumba".

Pansi pa ulusiwo panali pepala limodzi lapadera. Pamwamba pake analembapo kuti, "Amene anachotsa loko pa 14 Malichi." Kunsi kwake anajambula bokosi ndi rula, nalipaka pensulo mopepuka kuti lituwe. Munalibe dzina. Pansi pa bokosilo panali timawu ting'onoting'ono: "Wolembamo ndi mwini wake yekha."

Akanatha kulipinda pepala lija n'kuliika m'chikwama. Kabati inali yake tsopano, kiyi anali wake, ndipo amene akanathyola loko anali atagona. Anakhala pampando womangidwa unyolo uja. Kenaka anatenga cholembera. Pensulo ija inali yoterera, moti inki inakana kawiri, ndipo anachita kudinikiza mpaka dzinalo linatulukira kuseri kwa pepala.

Lachitatu, pa 7 Juni, 8 koloko, anagogoda, ndipo za inki ya pulinta sanafunse. Anaika mtolo ndi pepala patebulo la dokotala wamkulu, nafotokoza zonse ataimirira: mizere isanu ndi iwiri, mawu akuti musachotse, bodza la pamsonkhano, masiku 48 omangoti mawa. Kunja pabenchi kunkamveka a telala akufunsa nambala yawo.

Dokotala wamkulu anavula magalasi. Anayang'ana dzina lolembedwa m'bokosi lotuwa lija.

"Ndinawalanda pasiwedi," anatero, mawu ali pansi. "Pamaso pa anthu. Ndinawatuma kukayang'anira mapulinta." Anapukuta kumaso. "Nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu. Koma wozithyola mumtengo ndinali ine."

"Ndilongedze katundu, bwana?"

"Mulongedze, madetiwa alowetse ndani? Kalata yochenjeza mulandira, ndipo kuyesedwa kwanu ndawonjezera miyezi isanu ndi umodzi. Tengani mtolowo. Ine ndiziwerenga, inu muzilemba."

Anagwira ntchitoyo masiku atatu, mayi wa pawindo ali mboni, dzina ndi dzina, deti ndi deti, kudzera kukhomo la kuseri la pulogalamuyo limene Nazatsopano analitsegula ndi kulitsekanso pamaso pawo. Anamaliza Lachisanu, pa 9 Juni, nthawi ili 3:40 masana. Mwa anthu makumi anayi a chaka chimenecho, 23 anali ochokera m'maina a mzere wofiira. Lolemba lotsatira dokotala wamkulu anaitanitsa antchito onse, nanena poyera kuti a Maloko ananena zoona. Palibe anaseka. Amene ankakonda kukuwa pakhonde kuti "Loko wachotsedwa" anayang'ana nsapato zawo.

Pachipatala pano tsopano zitseko zimatseguka msanga. Ketulo aliyense amathiramo madzi osapisidwa m'matumba, ndipo tiyi wayambanso kumveka mazira. Chitini cha shuga chili pashelefu chosakiya, koma shugayo sakutha, chifukwa dzanja likafika pachivundikiro limabwerera lokha. Mpando uja ukadali pa unyolo wake. Nthawi ya 8 koloko m'mawa, anthu amapezeka atasiya kuyankhula, makutu ali kukhonde, osadziwa chimene akudikira.

A telala anawachotsa ng'ala Lachiwiri, pa 20 Juni, ndipo nsalu ya m'maso anaimasula m'mawa mwake. Anayang'ana akazi awo nati, "Mayi, mwakalamba liti?" nalandira khofi la paphewa. Anayang'ana manja awo, anayang'ana zenera. Kenaka pakhonde panamveka ngwere ngwere ngwere, ndipo nkhope yawo inawala.

"Achimwene a makiyi! Lowani kuno! Chaka chathunthu ndakhala ndikukumvani, lero ndikuoneni nkhope!"

Pakhomo panaima Nazatsopano, makiyi 47 akumukokera siketi mbali imodzi. A telala anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka m'chiuno, nayang'ananso kuseri kwake ngati kukubwera wina.

"Mayi, makiyiwo ndawadziwa. Eni ake ali kuti?"

M'chipindamo aliyense anayang'ana pansi. Mayi wa pawindo anatsegula pakamwa kuti amuyankhire, koma Nazatsopano anapukusa mutu. Anakoka mpando, nakhala pafupi ndi bedi, makiyi ali pamiyendo.

"Bambo, ndikuuzani zonse," anatero. "Ndiyambira pa 14 Malichi."